Kagudumu Kopezeka pa Ziro

Mpikisano wa magalimoto okwera phiri la Roccaspina wa chaka cha 1973 unatha usanayambe n'komwe. Loweruka linali tsiku longoyeserera, koma pa ulendo wachiwiri galimoto yofiira ya Corrado Scarpantoni inauma injini pa kona yachitatu. Mateyala akumbuyo anagwira, galimoto inatsetsereka cham'mbali n'kukamenya khoma la mlatho. Pakhomapo panali pataima Settimio, wonyamula makalata wathu, amene chaka ndi chaka ankadzipereka kugwira mbendera. Settimio anafera pomwepo. Corrado anthu anamusolola m'galimotomo atathyoka miyendo yonse iwiri.

Pofika Lachiwiri m'mawa, Gaudenzio Ferrua, mkulu wa apolisi pa Roccaspina, anali ndi munthu m'chitokosi amene mtima wake unkakana kumusunga. Munthuyo anali Fiorindo Cerasoli, makaniko wa galimotoyo, mdala wa zaka 61 wa manja akuda ndi girisi amene sopo analephera kalekale. Kalata ya woweruza inali itafika kale pa tebulo: Lachitatu m'mawa Fiorindo atumizidwe kundende ya kutauni akadikire mlandu wakupha munthu. Ferrua anatsala ndi tsiku limodzi basi.

Amene ananeneza Fiorindo anali Ottavio Scarpantoni, bambo wake wa Corrado, mwini fakitale yoyenga mafuta a olivi kunyanja kuja. Ottavio anali munthu woti akalowa m'nyumba ya eni amayamba wayang'ana kumene kuli mpando waukulu. Koma zimene ananena zinali zomveka, ndipo apa ndi pamene panavuta.

Injini za magalimoto amenewa sizikhala ndi kabureta, kachipangizo kaja kosakaniza petulo ndi mpweya. Petulo amathiridwa ndi pampu yachitsulo, ndipo pampu ilibe nzeru, siidziwa ngati galimoto ili kunyanja kapena pamwamba pa phiri, imangothira mmene anaichunira. Chonsecho mpweya wa pamwamba ndi wopepuka, ndiye galimoto ikamakwera petulo ayenera kumachepa, apo ayi injini imatsamwa. Pofuna kuthana ndi vutoli Fiorindo anaika kagudumu kamkuwa pambali pa chiwongolero, kolumikizidwa ku pampu ndi waya, kolembedwa manambala kuyambira ziro mpaka eyiti. Pa ziro petulo amapita wambiri, pa eyiti wochepetsetsa. Dalaivala amakapotokola ali pa liwiro, nambala imodzi imodzi, mmene akukwera. Koma ukachepetsa petulo uli m'munsi, kumene mpweya ndi wochuluka, injini imatentha mpaka pisitoni kusungunuka.

"Kagudumu mwakapeza nokha pa ziro, bwana Ferrua," anatero Ottavio Loweruka lomwelo, akugogoda tebulo ndi mphete yake. "Mwana wanga anapereka petulo yense amene akanatha kupereka. Nanga injini inafa bwanji ndi ludzu? Ndiye kuti pampu anaichuna molakwika, ndipo pampu imeneyo saigwira wina aliyense koma Fiorindo."

Anaonjezeranso kuti m'mawa wa tsikulo anali atamuuza Fiorindo kuti mpikisano ukatha ntchito yake yatha, akubweretsa makaniko wachinyamata wophunzira. Mdalayo, anatero Ottavio, anachita dala pofuna kubwezera. Woweruza atawerenga zimenezi sanafunenso zina.

*

Ferrua analowa m'chitokosi atanyamula khofi dzanja lino, mpango womanga dzanja linalo. Fiorindo anali atakhala pa benchi, chipewa chili pa maondo. Masiku atatu onsewa anangoyankha dzina lake ndi tsiku lobadwa.

Ferrua anamasula mpangowo. Munali mapulagi anayi amene anachotsa m'injini ija. Apa ndiye manja a mdalayo analephera kudziletsa. Anatola pulagi imodzi, n'kuitembenuzira kuwindo. Nsonga yake inali yoyera ngati choko, itawazidwa timadontho tachitsulo.

"Inafa ndi ludzu," anatero motsitsa mawu.

"Pampu munaichuna ndinu, madala?"

"Ndine."

"Molakwika?"

Fiorindo anabweza pulagi pa mpango paja bwinobwino, n'kunena kuti alembe zimene ananena a Ottavio, iye alibe choonjezera. Ferrua anamukumbutsa kuti mawa kukubwera galimoto ya kundende, kuti munthu wa msinkhu wake zaka zisanu za kumeneko sangazimalize ndi miyendo yake. Mdalayo anangogwedeza mutu ngati akuuzidwa za nyengo. Zinamupsetsa mtima Ferrua, chifukwa pa ntchito yake anazolowera anthu okana mlandu, osati munthu woukumbatira chonchi.

Akutuluka anangonena mongodandaula kuti chimene chikumuimitsa mutu ndi chakuti kagudumu anakapeza pa ziro.

"Pa ziro?"

Ferrua anatembenuka. Fiorindo anali atadzutsa mutu, maso ali tong'o, koma nthawi yomweyo anaweramanso n'kuyamba kupotokola chipewa chake. Limeneli linali funso loyamba limene mdalayo anafunsa chimutsekereni.

*

Zopito, mwini lole imene inakoka galimoto ija, Ferrua anamupeza kuseri kwa garaja yake akuwotcha nyama ya nkhosa ya patimitengo. Zopito akayamba kuyankhula umachita kudikira kuti apume ndiye ulowetsepo funso, ndipo sapuma kawirikawiri.

"Bwana, khalani apa, idyani kaye, mwawonda, akazi anu akukumanani chakudya kapena? Galimoto imene ija palibe anaigwira, ndikulumbira pali malemu mayi anga. Ine ndinafika ambulansi isanachoke, galimotoyo ndinaimangirira ndekha, ndinaikweza ndekha, chifukwa mlamu wanga uja ntchito yake ndi kuloza ndi chala basi. Anthu ankafuna kutola tizidutswa ta magalasi, ine ndinawathamangitsa ndi sipanala. Palibe anaigwira. Ngakhale ntchentche."

Ferrua anatafuna nyama yake modekha, n'kufunsa ngati ngakhale achibale sanayandikire.

"Aa, achibale ndi nkhani ina, bwana, bambo wa mwana ungamuletse? A Ottavio anakwera ndi galimoto yawo kuchokera poyambira paja. Anayamba agwada pamene anagoneka mwana wawo, mwanayo akuwanong'oneza kenakake, iwo akumugwira pakamwa kuti asavutike kuyankhula. Kenako anabwera kwa ine, nkhope yawo ngati phulusa, akuti Zopito, ndilole nditenge mendulo ya Khristofa Woyera ili m'galimotomo, anampatsa ndi malemu mayi ake, ikhale naye kuchipatala. Nanga ine ndine nyama kuti ndikane? Anasuzumira m'menemo, anachedwako ndithu, ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa mwamuna akamalira sumamuyang'anitsitsa."

Ferrua anapukuta manja, anathokoza nyamayo, ndipo Zopito anamuperekeza mpaka pamsewu akumufotokozera za mlamu wake.

Galimoto yofiira ija inkasungidwa m'shedi ya kuseri kwa polisi. Ferrua anafunyulula lona n'kulowetsa mutu. Kagudumu kamkuwa kanali pomwe paja, kakuloza pa ziro. Cha pamwamba pake pang'ono, yomangidwa ndi kaulusi kofiira, mendulo ya Khristofa Woyera inali ikulendewera.

*

Mayi Nerina Tiberi anaphunzitsa theka la anthu a pa Roccaspina kuwerenga, ndipo atapuma pa ntchito anapatsidwa wotchi ya mpikisano, popeza panalibe munthu amene akanayerekeza kutsutsana nawo za nthawi. Ferrua anawapeza pakhonde akusenda nyemba. Anamuuza kuti akhale, ndipo iye anakhala mowongoka ngati mwana wa sukulu.

Anawafunsa zimene anaona pa mzere woyambira. Iwo anati sakonda kuyankha funso lotambalala choncho, afunse chimene akufuna. Ferrua anafunsa ngati Fiorindo analipo pamene Corrado ankanyamuka.

"Ulendo woyamba analipo. Wachiwiri panalibe."

"Anali kuti?"

"Kumene anamuthamangitsira. Magalimoto atatsika phiri pa mndandanda wawo, Corrado anabwera molunjika pa mzere, chifukwa anali atachedwa. Fiorindo akuyandikira, Ottavio anamuimika ndi dzanja pachifuwa, akuti iwe zako zatha, choka pagalimoto yanga. Pamaso pa anthu onse. Ndinamuphunzitsa Ottavio ameneyu, ndipo ali mwana analinso wotero."

Anasenda nyemba zina ziwiri, kenako anapitiriza osafunsidwa. Anati chinawakhudza chifukwa zaka zisanu zimene agwira wotchi Corrado sananyamukepo popanda mwambo wawo uja. Fiorindo amawerama, amalowetsa dzanja m'galimoto, amagwira kagudumu kaja, n'kunena kuti, pa thuu, mwana wanga. Akatero amamenya chisoti cha mnyamatayo kamodzi ndi chikhatho, ndiye iwo amayamba kuwerenga masekondi.

Ferrua anaika pansi kapu ya madzi imene anamupatsa. "Pa thuu? Osati pa ziro?"

"Ndanena kuti pa thuu, bwana Ferrua, ndipo makutu anga ali bwino. Ndinamufunsapo Fiorindo chifukwa chake, popeza ine sindikonda kumva chinthu osachimvetsa. Ziro ndi ya kugaraja kwawo, kunyanja. Pano tili kale m'mwamba, ndiye amanyamukira pa thuu. Pa tchalitchi chaching'ono chija amaika pa fili, ndipo akamafika pamwamba penipeni amakhala ali pa sikisi."

"Akatsika?"

"Akatsika ndiye ntchito ya dzanja la Fiorindo imeneyo, kukabweza."

Tsopano kwa Ferrua zonse zinali poyera. Mnyamata anatsika phiri pang'onopang'ono, kagudumu kali pa sikisi, injini yosadandaula chifukwa sinali pa ntchito. Anafika pa mzere mochedwa, mutu uli pa mkangano wa bambo ake, dzanja limene linkamukumbutsa kwa zaka zisanu palibe. Ananyamuka ndi petulo wa pamwamba pa phiri ali m'chigwa. Chimene Ferrua sankamvetsa ndi chimodzi, ndipo anachinena mokweza: nanga mdalayo, wodziwa zonsezi, akukhaliranji chete?

Mayi Tiberi anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo, momumvera chisoni.

"Zaka makumi awiri muli kuno, koma mukadali obwera ndithu. Amene anamunyamula Corrado pa ubatizo ndi Fiorindo. Nthawi imeneyo Ottavio anali asanalemere, ankayenda pa njinga yamoto imene Fiorindo ankamukonzera ulere. Kwathu kuno munthu amene unamunyamula pa ubatizo sumuperekera umboni womugwetsa, ngakhale akumange unyolo. M'bale wako ukhoza kukangana naye mpaka kukhoti, koma ameneyo ayi. Mukamufunsa mpaka mawa sadzakuuzani kanthu."

*

Chipatala chili kumunsi, ulendo wa ola limodzi, ndipo Ferrua anafika cha m'ma fili koloko. Corrado anali chagada, miyendo ili m'pulasitala, itakwezedwa ndi zingwe. Anali mnyamata wa zaka 26, wooneka bwino, koma tsikulo nkhope inali itagwa. Lamlungu anauza apolisi kuti sakukumbukira chilichonse. Ottavio anali pa mpando pafupi ndi bedi, nyuzipepala ili pa mwendo.

Ferrua anapereka moni, anafunsa za miyendo, kenako anapisa m'thumba n'kuika mendulo ija pa bulangete.

"Munaiiwala m'galimoto, bambo Scarpantoni. Zopito akuti munapita kukaitenga."

Ottavio anaiyang'ana, n'kunena kuti tsiku limene lija mutu wake sunali kugwira, kaulusiko kanakana kumasuka. Ferrua anavomereza kuti zimachitika. Ananena kuti wabwera kudzangotsiriza mapepala Fiorindo asanatumizidwe mawa, ndipo pali kanthu kamodzi kakang'ono kamene akufuna kulemba molondola, popeza iye za magalimoto sazidziwa. Dalaivala wochita bwino, ponyamuka, kagudumu kaja amakaika pati?

"Pa ziro, nanga pati?" anayankha Ottavio mosachedwa. "Ndakaona kambirimbiri kugaraja. Akamaliza injini kamakhala pa ziro, ndipo mwana wanga anakaika pomwepo."

Pa bedi paja Corrado anatseka maso.

Ferrua anatembenukira kwa Corrado. Anakoka mpando wina n'kukhala mbali inayo ya bedi, pafupi ndi mutu wa mnyamatayo, ndipo anayankhula motsitsa ngati akucheza ndi wodwala wake. Anamuuza kuti mapulagi ndi oyera ngati choko, ndipo injini yonyamuka pa ziro m'chigwa muja mapulagi ake akanada ngati makala. Anamuuza kuti kagudumu kanabwezedwa galimoto itagunda kale, ndi munthu amene anangokapotokola mpaka pamene kanaima, munthu amene anakaonera kunyanja kokha. Ottavio anaimirira, akuti aitana loya wake, akuti mwana wake ndi wodwala, asavutitsidwe. Ferrua sanatembenuke n'komwe.

"Corrado, ine sindinabwere kudzakuopseza. Zimene ndili nazo ndi mawu a mphunzitsi wokalamba ndi a Zopito, ndipo loya wa bambo ako akhoza kuzitafuna n'kuzilavula. Ukakhala chete, mawa seveni koloko Fiorindo akwera galimoto ya kundende, ndipo iye sadzatsegula pakamwa, ukudziwa chifukwa chake kuposa ine. Ndikufunsa kamodzi kokha. Umanyamukira pa nambala yanji?"

Panja namwino anadutsa akukankha kangolo ka mankhwala, kanalira mpaka kumapeto kwa khonde. Ferrua anadikira. Anawerenga mizere ya pa bulangete, anaibwerezanso, ndipo kunena zoona mtima wake unayamba kutaya chiyembekezo.

"Usayankhe," anatero Ottavio. Mawu ake sanalinso olamula, anali opempha.

"Pa thuu," anatero Corrado, maso ali chitsekere. Misozi inatsikira m'makutu mwake. "Koma Loweruka ndinanyamukira pa sikisi. Ndinazindikira nditafika pa kona yachiwiri, injini itayamba kulira mopyapyala. Ndinatambasula dzanja, koma inali itauma kale. Ndinawauza bambo ndili pansi paja. Sindinawatume kuti akabweze, koma atandiuza zimene achita sindinawaletse. Settimio ndinamupha ndine."

Ottavio anakhala pansi. Nyuzipepala inagwa, ndipo sanaitole. Patapita kanthawi ananena, osayang'ana munthu, kuti ali ndi mwana mmodzi yekha. Ferrua anamumvera chisoni, pakuti nayenso anali bambo, koma anatulutsabe cholembera n'kuwauza onse awiri kuti ayambe kufotokoza kuyambira pachiyambi.

*

Ali kuchipatala komweko Ferrua anaimbira foni woweruza, ndipo bwanayo, ngakhale anang'ung'udza kuti akumusokonezera mapepala, analola kuti Fiorindo amasulidwe. Ferrua anafika pa Roccaspina dzuwa lisanalowe. Anatenga yekha makiyi pa msomali n'kukatsegula chitokosi.

Fiorindo anali pa benchi pomwe paja. Ferrua anamuuza kuti atenge jekete lake azipita kwawo, mlandu wachoka pamutu pake. Mdalayo sanasunthe. Anafunsa ngati mwanayo amumanga, ndipo Ferrua anayankha zoona, kuti mlandu ukhalapo, wa iye ndi wa bambo ake, koma kuiwala si kupha mwadala, ndipo woweruza adzaona kuti wavomera.

"Mukanandisiya, bwana," anatero Fiorindo. "Ine ndakalamba. Iye moyo wake ukungoyamba."

Ferrua anati mkazi wa Settimio nayenso ayenera kudziwa chimene chinapha mwamuna wake, ndipo mdalayo sanatsutse. Anaimirira pang'onopang'ono, anavala jekete, anafika pakhomo, kenako anaima.

"Masiku atatu onsewa, chitseko ichi chikamatseguka ndinkati mwina watumiza mawu. Sikuti ndinkafuna kutuluka, ayi. Ndinkangofuna kudziwa kuti mwana amene ndinamunyamula uja ndi munthu wotani." Anatembenukira kwa Ferrua. "Ndiuzeni, bwana. Ananena yekha, kapena munachita kumufinya?"

Ferrua anakumbukira maso otseka aja, mizere ya pa bulangete, ndi masiku atatu amene mnyamatayo anagona akudziwa kuti mdalayu ali m'chitokosi chifukwa cha iye. Zaka makumi atatu za upolisi anali asananamizepo mkaidi, ndipo ankanyadira zimenezi kuposa nyota za paphewa pake.

"Yekha," anatero. "Ndinali ndisanamalize n'komwe kupereka moni."

Fiorindo anabwerera pa benchi paja, anakhala pansi, anaphimba nkhope ndi chipewa chake n'kuyamba kulira. Ferrua anasiya chitseko chotsegula, anatuluka, ndipo anauza wapolisi wa pa kauntala kuti asalowe m'menemo mpaka mdalayo atuluke yekha.